Mano a ku Joni

Goliati Namakhwa anali ndi mano anayi akutsogolo amene sanamere okha. Anayendetsa thiraki zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pakati pa Blantyre ndi Joni, ndipo mu 1998 thirakiyo itagubuduka m'dziko la Zimbabwe, anamenyetsa kamwa pachiwongolero, mano anayi akumwamba n'kuguluka. Kampani inamutumiza kwa dokotala wa mano ku Joni. Kumeneko sanamupatse mano ovula n'kuika m'kapu aja ayi. Anamuboola fupa la m'kamwa n'kumangiramo timasikuluwu tiwiri tachitsulo. Patapita miyezi, fupa litagwira, anamangapo mano anayi olumikizana, oyera mbee.

Atapuma pantchito mu 2001 anabwerera ku Chiringa, kwawo kwa mkazi wake Belita, n'kuyamba kulima nandolo ndi mpendadzuwa. Manowo mudzi wonse unkawadziwa chifukwa cha mmene mwiniwake ankawasamalira. Anali ndi kachitini ka mabisiketi kamene munali mswachi wofewa, kamswachi kena kakang'onong'ono kolowa m'mipata, ulusi wotsukira mano, ndi timasingano tapulasitiki tolowetsera ulusiwo pansi pa mano olumikizanawo. M'mawa ndi madzulo, akatha kudya, ankakhala pakhonde ndi galasi la thiraki losweka pakona, n'kutsuka dzino limodzilimodzi mosafulumira. Fodya anasiya. Nzimbe ankasenda ndi mpeni n'kuduladula, kutafunira kumbuyo. Chaka chilichonse akakolola ankapita ku Limbe kwa dokotala wa mano kuti akamuone. Belita ankangoseka. Ankauza anzake kumjigo kuti mwamuna wake amasamala mano kuposa mmene amasamalira mbuzi, ndipo kachitiniko iye sanakatsegulepo.

Mu Febuluwale 2005, akupalira nandolo, Goliati anagwa m'munda. Kuchipatala cha mishoni anati ndi sitiroko. Anagonekedwa masabata atatu, ndipo anatuluka dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa, lilime likulemera. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, ngati akuwakoka pansi pa mwala.

Ntchito yonse inagwera Belita. Ankamusambitsa, kumutembenuza, kumumwetsa phala, kenako n'kuthamangira kumunda. Za mano ankangomugwiritsa mswachi kudzanja lamanzere. Dzanjalo linali losazolowera, mswachi unkangopaka kolugeti pamilomo n'kugwa. Tsiku lina Belita anautola kuti amutsuke yekha, koma Goliati analuma mano n'kuyang'ana kukhoma. Munthu amene ankalola kumusambitsa thupi lonse anakanitsitsa kuti mkazi wake amulowetse chala m'kamwa. Belita anali atatopa, ndipo anamusiya.

Patatha miyezi iwiri m'nyumba munayamba kumveka fungo. Papilo pankapezeka timagazi. Tsiku lina Goliati akuyasamula, Belita anaona kuti nkhama za pamwamba pa mano anayi aja zatupa ndipo zafiira ngati tomato wakupsa. Atamufunsa ngati zikuwawa, anapukusa mutu.

Sabata lomwelo kunabwera Anastazia, mlongo wake wa Goliati, kuchokera ku Jenala. Anali mayi wolankhula mosapsatira. Anayang'ana m'kamwamo, n'kumuitanira Belita kuseri kwa nkhokwe. Anati iye sanawakonde manowo kuyambira pachiyambi. Munthu sangakhale ndi zitsulo m'mutu zaka zisanu ndi chimodzi osadwala. Zitsulozo ndi zimene zinakoka matendawo, ndipo tsopano zayamba kuola. Anati abale akwawo anakambirana kale, ndipo agwirizana kuti manowo akazulidwe.

Belita anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Alamu, zaka zonsezi manowo anali bwinobwino mwiniwake akuwatsuka. Aonongeka m'manja mwanga. Ndisiyireni miyezi itatu. Akakanika, tidzapitira limodzi kokazula."

Anastazia anangoti aona, n'kukwera njinga yake.

M'mawa mwake Belita anamanga kachitini kaja m'chitenje n'kupita kuchipatala cha mishoni yekha. Anakhala pabenchi ya odwala mano pakati pa anthu ogwira masaya, mpaka anaitanidwa. Amene ankaona odwala mano anali mayi wazaka za m'makumi atatu, dzina lake Alesi Makina. Belita anatsegula kachitiniko patebulo n'kufotokoza zonse, osabisa kuti kwa miyezi iwiri manowo sanatsukidwe.

Alesi anatola zinthuzo chimodzichimodzi. Ananena mosabisa kuti mano omangira m'fupa anangowaona m'mabuku ali kusukulu ku Lilongwe, ndipo kuno anali asanakumanepo ndi munthu amene ali nawo. Pansi pa kachitiniko panali kakhadi ka dokotala wa ku Limbe uja. Alesi anapita ku ofesi kukamuimbira foni, ndipo anabwerako atalemba tsamba lonse. Anamuuza Belita kuti abwere ndi wodwalayo Lachinayi.

Lachinayilo anamukweza Goliati kutsogolo kwa matola. Alesi anamutsuka mosamala, osagwiritsa ntchito zitsulo zopalira zimene ankapalira mano a anthu ena, n'kumupatsa mankhwala. Kenako anamukhazika Belita pampando n'kumufotokozera. Anati chitsulocho sichiola, ndipo sichinabweretse sitiroko. Chimene chimadwala ndi nkhama ndi fupa limene lagwira chitsulocho. Zotsalira za chakudya zikaunjikana pamene dzino lakumana ndi nkhama, nkhamazo zimatupa, ndipo zikasiyidwa fupa limayamba kudyeka mpaka sikuluwu kugwedera. Choopsa chake n'chakuti nthawi zambiri sizipweteka, munthu amangodzidzimuka zitafika patali. Anamuchenjeza kuti asayerekeze kutokosa ndi phini, singano kapena waya. Popeza wodwalayo ankatsamwa akamachukucha, anati azimupukuta ndi kansalu koyera koviika m'madzi ofunda amchere.

Anamuonetsanso kaimidwe. Anati aziima kumbuyo kwa mpando, mutu wa wodwala utatsamira pamimba pake, dzanja lina likukweza mlomo. Koma Belita atangoima kumbuyoko, Goliati analuma mano monga kale. Alesi anayesa kumunyengerera, osatheka. Anatuluka dala kupita kukasamba m'manja, n'kuwasiya awiri.

Belita anazungulira n'kugwada kutsogolo kwa mwamuna wake. Sanakweze mawu.

"Bambo a Lenia, kwanu akuti tikazule. Ine ndakana. Ndinkakusekani pakhonde paja, inde, koma ndinkaona zonse zimene munkachita. Ngati mukufuna mano anuwa, tsegulani pakamwa. Ngati simukuwafuna, tipite kwathu ndikawauze alamu."

Goliati anayang'ana pansi. Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope. Kenako anatsamira kumbuyo n'kuyasama.

Masiku oyamba anali ovuta. Mswachi ukangokhudza nkhama magazi ankatuluka, ndipo Belita ankachita mantha kuti akumupweteka. Alesi anali atamuuza kuti asasiye chifukwa cha magaziwo, adzaleka okha nkhama zikayamba kuchira. Choncho anapitiriza, m'mawa asanapite kumunda ndi madzulo dzuwa lisanalowe, kuti aziona bwino. Ankasamba m'manja ndi sopo, n'kupendeketsa mswachi kuloza kunkhama, kuzunguza pang'onopang'ono, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Goliati ankagwira galasi lake ndi dzanja lamanzere n'kumayang'anira. Pakatsala pena ankagogoda pampando, ndipo Belita ankabwereza. Tsiku lina anagogoda katatu pamalo amodzi, Belita n'kumuuza kuti ngati akudziwa kwambiri atsuke yekha. Goliati anaseka koyamba chidwalireni, kolugeti n'kugwera pamalaya.

Chovuta kwenikweni chinali pansi pa mano awiri apakati, amene analibe sikuluwu koma ankangolenjekeka pa anzawo. Pamenepo ndi pamene phala ndi madeya a nandolo zinkabisala. Ulusi sukanalowa wokha popanda timasingano tapulasitiki tija, ndipo m'kachitini munali mutatsala tiwiri. Kena kanathyoka, kena kanagwera pansi nkhuku n'kuthawa nako. Belita anafunsa m'magolosale onse a pa Chiringa, anthu osadziwa n'komwe chimene akunena. Anatumiza uthenga kwa Lenia, mwana wawo wokwatiwa ku Zomba, ndipo Lenia anapeza ulusi ndi timiswachi, koma timasinganoto sanatipeze.

Tsiku la msika Belita anaima pa mayi wina wogulitsa matemba a ku Chilwa. Dengu la mayiyo linali losokedwa ndi twaini wa asodzi, woonekera ngati madzi. Belita anaugwira n'kuupinda ndi zala. Unali wolimba moti sunkapindika wokha, koma wosabaya. Anapempha kachidutswa. Kunyumba anaudula kutalika ngati chala, anaupinda pakati n'kuuphika m'madzi owira. Anakoleka ulusi pagoba lake, n'kulowetsa nsonga ziwirizo pansi pa mano. Zinatulukira mkati, ulusi n'kutsatira. Zimene zinatuluka pamenepo tsiku limenelo zinamuchititsa manyazi ndi chimwemwe nthawi imodzi. Lachinayi lotsatira anapita nako kwa Alesi kuti aone ngati sikangavulaze. Alesi anakayesa pachala, n'kumuuza kuti azisalaza nsongazo ndi kukaphika nthawi zonse asanakagwiritse ntchito.

Pofika mu Juni fungo linali litatha. Magazi analeka, nkhama zinaphwa n'kubwerera mtundu wake. Anastazia anabwera miyezi itatu itakwana ndendende. Anamukweza mlongo wake mlomo ndi chala, kuyang'ana uku ndi uku, n'kugwedeza dzino limodzi kuti aone ngati likusuntha. Sananene kuti analakwitsa. Anangofunsa kuti ulendo wa ku Limbe ndi liti, n'kunena kuti iye adzabwera kudzayang'anira mbuzi ndi nkhuku.

Belita ndi Goliati anapita mu Ogasiti. Goliati anali atayamba kuyenda ndi ndodo, akukoka mwendo. Msewu unali wafumbi ndi mabampu, ndipo anafika ku Limbe nsidze zili zofiirira. Belita anali asanalowepo m'chipinda ngati cha dokotalayo, chokhala ndi mpando wogona wokha ndi nyali yopachika pamwamba. Anaima pakona atakumbatira kachitini, akuopa kukhudza chilichonse.

Dokotalayo anali bambo wa imvi, wolankhula Chichewa cha m'tauni chosakaniza ndi Chingerezi. Anajambula ekisilei n'kuiika pagalasi lowala pafupi ndi ya chaka chatha. Anamuitana Belita kuti ayandikire. Anamuonetsa timasikuluwu tiwiri, toyera ngati choko, ndi pamene fupa linadyeka pang'ono mbali yakumanzere. Anati limenelo silidzabwereranso, koma kudyekako kwaima, ndipo masikuluwu onse awiri ali nganganga. Anati atalandira foni ya Alesi mu Epulo ankaganiza kuti manowo atha basi. Kenako anayang'ananso m'kamwamo ndi kagalasi kake n'kufunsa kuti ndani akuwatsuka, poti mwiniwake dzanja silikugwira.

Belita anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma Goliati anakweza dzanja lamanzere kumuletsa. Analimbana nawo mawuwo mpaka anatuluka.

"Mayi... awa. Akazi anga. Tsiku lililonse."

Dokotala anafunsa kuti pansi pa mano apakatiwo akulowapo bwanji. Belita anatsegula kachitini n'kutulutsa katwaini kake, katakulungidwa m'kansalu koyera. Dokotalayo anakatembenuza m'manja, anaitana nesi wake kuti adzaone, n'kumupempha Belita kuti awaonetse mmene amachitira. Belita anasamba m'manja pasinki yawo, anaima kumbuyo kwa mpando, n'kuchita monga ankachitira pakhonde. Atamaliza, dokotala anati pali odwala ake ena a m'tauni momwemo, okhala ndi manja awiri abwinobwino ndi madzi a m'mpopi, amene m'kamwa mwawo simufika pamenepa. Anamupatsa paketi ya timasingano tapulasitiki, koma anapempha kuti katwainiko kamodzi amusiyire.

Pobwerera Belita anakhala mowongoka m'minibasi, kachitini kali pamiyendo. Atadutsa Migowi, phiri la Michesi likuonekera, anagula nthochi pawindo, anasenda imodzi n'kumupatsa mwamuna wake, n'kumayang'ana mmene akulumira.

Patapita masabata awiri Alesi anamutumizira Belita uthenga. Anati kuwodi kuli odwala ambiri ogona, osatha kudzitsuka m'kamwa, ndipo owayang'anira sadziwa poyambira. Iye akawauza amangovomera koma osachita, mwina angamve kwa mnzawo. Belita anayamba wakana, akuti sukulu anasiyira sitandade 3. Goliati anagogoda pampando mpaka anavomera.

Anapita Lachinayi, atavala chitenje chake cha kutchalitchi. Pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi khitchini ya oyang'anira odwala, panasonkhana amayi khumi ndi asanu ndi abambo awiri. Palibe wodwala wawo ngakhale mmodzi amene anali ndi mano a ku Joni. Ena analibe n'komwe mswachi. Belita anawaonetsa kukulunga kansalu pachala, kutafuna kamtengo mpaka nsonga ifewe, ndi kuima kumbuyo kwa munthu kuti asachite manyazi kuyang'anizana naye. Ankayamba m'Chichewa, zikafika povuta n'kutembenukira ku Chilomwe, amayi n'kumagwedeza mitu.

Mayi wina wa ku Nambazo anati bambo ake okalamba amaluma aliyense wowayandikira pakamwa, ndipo anaonetsa chala chomanga nsalu. Anthu anaseka. Belita sanaseke. Anafunsa kuti agona bedi liti, anapempha madzi ofunda ndi mchere, n'kunyamuka kulowa nawo m'wodi, mayiyo akumutsatira pambuyo.