Kalata ya Puloti Inatsala m'Buku la Boma

"Kalata iyi isatuluke m'nyumba muno," amayi anamuuza Tusekele. "Ilipo imodzi yokha, ndipo bambo ako sadzadzuka kumanda kuti asaine ina."

Tusekele anati wamva. Koma mwana wa ku koleji akati wamva, muzimuyang'ana m'manja. Lachitatu m'mawa, amayi atangopita kutchalitchi, iye anasolola kalata ya puloti m'Baibulo, n'kubwezeramo kajumbo kake kopanda kanthu.

Sanali mwana woipa ayi, anali ndi mantha. A Jones, oyandikana nawo ku Area 25, anali atakumba maziko kulowa pabwalo la amayi, ati malowo ndi awo, kalata ya amayi ndi yabodza. Mlandu unali Lachisanu. Tusekele anamva kuti ku laibulale kuli mabuku akale a boma olembedwa manambala a mapuloti ndi eni ake. Nambala ikafanana ndi ya pakalata, a Jones akananenanso chiyani?

Lachitatu limenelo anasiya chikwama ndi foni pakhomo la laibulale, monga mwa lamulo la kumeneko, n'kulowa ndi kalata yokha. Mayi Rahima, oyang'anira mabuku, anamuloza shelefu ya mabuku obiriwira, onse ofanana. Anafufuza mpaka maso kuwawa. Dzuwa litapendeka analipeza dzina la bambo ake, nambala yake yomweyo. Anaika kalata patsambalo kuti lisamusokonekere, natseka buku, n'kuthamangira kukapempha fotokope.

"Magetsi athima, achemwali. Mubwere mawa," anatero mayi Rahima. "Tikutsekanso."

Chimwemwe n'choopsa, chimaiwalitsa. Anakumbukira kalata ija minibasi itafika kale ku Kanengo. Kunyumba sananene kanthu.

M'mawa mwake anapeza shelefu ili mbee.

"Denga likudontha," anatero mayi Rahima. "Mabuku a boma tawapakira m'makatoni, lole yapita nawo kosungira zakale."

"M'buku limodzi muli kalata yathu, amayi. Chonde, ndiuzeni njira, ndipita ngakhale wapansi."

"Simungalowe. Lembani pempho. Akadzamasula makatoni, mwina miyezi itatu."

"Mlandu ndi mawa."

Anagwada pasimenti pomwepo, anthu akuona. Mayi Rahima anamudzutsa, nampatsa madzi. China chomuthandizira analibe.

Lachisanu, pamaso pa akuluakulu oweruza, amayi anatsegula Baibulo. Anakutumula kajumbo kaja kawiri, kenako anayang'ana mwana wawo.

"Dzina la ababa lilimo m'buku la boma," Tusekele anatero. "Ndinaliona ndi maso angawa."

"Ndiye tipatseni masowo tiwerenge, adona a ku koleji," anatero a Jones, anthu n'kuseka.

Malo anagamulidwa kuti ndi a a Jones. Khoma lawo linadutsa pomwe panali khitchini ya amayi. Tusekele amapitabe ku laibulale Lolemba lililonse kukafunsa za makatoni, ndipo amayi salolanso kuti akhudze Baibulo lija.