Mwala wa m'malire a tauni

Chaka ndi chaka a Efulemu akaima pachulu cha m'munda mwawo, cha ku Nathenje kuno, ankaona malata a ku Lilongwe akunyezimira pafupi kuposa kale. Anzawo ankadandaula kuti tauni ikudya minda. Iwo ankangomwetulira, poti mwana wawo mmodzi yekhayo, Zipora, wogwira ntchito m'tauni, anawalonjeza pa maliro a mayi ake kuti, “Ababa, tauni ikadzafika kuno ndidzamanga pamunda wa amayi, tizidzakhala limodzi.”

Ndiye tauni ija inangoti njii, kuima. Kunabwera anthu a boma ndi makina awo, n'kuzika mwala wa simenti kumtunda kwa mundawo. Anati tauni yathera pamenepo, ndipo kuchokera pamwalapo kutsika kumunsi ndi lamba wobiriwira, malo a mitengo ndi minda. Kulima limani, koma nyumba yatsopano ayi.

“Lamba? Kodi tauni yayamba kuvala thalauzi?” anafunsa a Efulemu anthuwo atapita. Nthabwala inali yabwino ndithu, koma panalibe woiseka. Anansi awo ambiri anali atagulitsa kale malo n'kusamukira cha ku Mitundu, ndipo pakhomopo ankayankhana ndi nkhuku zokha. Kusungulumwa kunkawapweteka, osati pang'ono.

Komatu munthu wokulira pakhasu amadziwa kuti malire amayenda. Ndani sanaonepo mnansi akumeta mzere umodzi chaka chino, wina chaka chamawa, mpaka mango a eni ake n'kusanduka ake? A Efulemu anali asanabepo mzere wa munthu chibadwire. Anayamba atakalamba, ndipo anayambira boma.

Ankafukula mwala uja, kuugubuduza mizere iwiri kapena itatu, kuukwirira, n'kuwokerapo udzu kuti dothi lisawaulule. Chimwalacho chinali cholemera ngati thumba la feteleza lonyowa. Msana unkalira, zikhatho zinachita matuza, koma iwo ayi ndithu. Mpaka anayamba kucheza nacho. “Tiye mnzanga, kwatsala pang'ono,” ankatero akupuma. Mvula itatha, fodya wa anthu atauma m'zigafa, mwala unafika kumunsi kwenikweni kwa munda.

Anaimbira Zipora foni kuti abwere msanga, kuli nkhani yabwino. Mwanayo anafika Loweruka pa kabaza, atanyamula shuga ndi buledi. Asanakhale n'komwe pansi, bambo ake anamutengera kumunda.

“Taona mwanawe, tauni yafika. Munda wonsewu uli m'kati tsopano. Uyamba liti kuumba njerwa?”

Zipora anayang'ana mwalawo, kenako manja a bambo ake. Anayamba ngati aseka, koma misozi inatsogola.

“Ababa, mwadzipweteka chabe. Malire sali m'mwalamu, ali pamapu, m'makompyuta mwawo. Ngakhale muufikitse ku Dedza, sasuntha.”

“Ndiye tikawapemphe. Anthu amamvana.”

Zipora anatola kachitsotso n'kuyamba kukathyolathyola. “Musavutike, ababa. Ine ndinapeza kale nyumba, mwa zosanjikizana zija akumanga m'kati mwa taunimu. Ana sukulu ili pafupi, ine ntchito ili pafupi. Ndinkasowa poyambira kukuuzani.”

“Unaipeza liti?”

“Anthu a miyalawa asanabwere.”

A Efulemu anangoti, “Oho.” Anamufunsa za ana, ngati akudya bwino, ngati wamng'ono uja anasiya kutsokomola. Anamukumbira mbatata, n'kumuperekeza mpaka pamsewu, poti minibasi za ku tauni sizidikira munthu.

Pobwerera anadzera kumunda, nakhala pamwala paja dzuwa likuswa mtengo. Kuuchotsa analibenso mphamvu. Munda, nyumba, nkhuku ndi iwo omwe, zonse zinali m'tauni tsopano, ndipo m'tauni yawoyo munalibe munthu wina aliyense.