Chingwe cha Belu la ku Puy-Sarrat

Gaëtan anamenya tebulo mpaka khofi anatayikira pa buledi. "Kiyi, asisi. Sindikupempha galimoto yanu, ndikupempha kiyi wa tchalitchi."

Solène sanadzutse n'komwe mutu. Anapitiriza kusita shati yoyera yoti akawaveke bambo awo, a Fernand, omwe anagwa n'kumwalira dzulo lake m'munda wa mbatata, khasu lili m'manja. Mayi awo, a Huguette, anali pazenera kupukuta mbale youma kale.

Nkhani yake inali belu. Zaka zonsezi munthu akamwalira ku Puy-Sarrat, a Fernand ndi amene ankakoka chingwe, pang'onopang'ono, kuti ngakhale ali pa thalakitala avule chipewa. Kenako midzi inayi anaiphatikiza kukhala khonsolo imodzi, Valdorance, maofesi onse n'kusamukira ku Montaleix. Sukulu inatsekedwa. Positi inatsekedwa. Chaka chatha tchalitchi nacho anachikhoma loko, ati mtanda wonyamula belu wafumbwa. Wosaina anali Solène, poti ndi iye amaimira mudziwo kukhonsolo.

Ndiye munthu woimbira anzake onse belu apite chete ngati galu? Gaëtan zimenezo ayi. A ku Montaleix anali atauza banjalo kuti aliza lawo, lija amangodina batani pafoni.

"Belu la batani? Madala ankalitcha alamu ya fakitale, mwaiwala?" anatero Gaëtan.

Solène anamufotokozera kachitatu kuti belulo n'lolemera ngati ng'ombe, kuti likagwa maliro akhala awiri, komanso inshuwalansi siyimva za chisoni. Gaëtan anaseka moipa. Anamutchula a Meya. Anati anagulitsa mudzi kuti azivala kalamba kaudindo ka mitundu itatu paphewa n'kumajambulidwa ndi akuluakulu.

Apa simbi ya Solène inatera patebulo ndi phokoso.

"Iwe wa ku Lyon, wobwera pa Khirisimasi yokha, ukhale chete. Ine pano ogulitsa buledi amandipatsa chenje osandiyang'ana. Adadi anaimirira pamitingi, holo yodzaza, n'kunena kuti mwana wawo watseka pakamwa pa mudzi. Iwe unali kuti?"

Anapisa m'chikwama n'kumugenda ndi kiyi pachifuwa. Akafe yekha, anatero, koma asatenge munthu.

Gaëtan anatuluka osatseka chitseko. Azibambo awiri a pabala anamutsatira chapatali, okonzeka kale kuvula zipewa. Loko anavuta, kenako anatseguka. Mkati munali fungo la nkhunda. Anaima pansi pa nsanja, n'kutambasula mkono pamene chingwe chinkalendewera chibadwire chake. Panalibe kanthu. Pabowo la m'mwamba panatsala kachidutswa, kodulidwa bwinobwino ndi mpeni.

Anabwerera akuwira ndi mkwiyo. Anati khonsolo ndi mbava, yatenga sukulu, yatenga dzina la mudzi, tsopano mpaka chingwe! Solène anakana. Anati a khonsolo anangoyang'ana mtanda n'kuika loko basi, chingwe sanachikhudze.

A Huguette anaika mbale ija pansi.

"Bwerani kuno, nonse awiri. Mwandisokosa mokwanira."

Anawatsogolera kushedi ya kuseri. Kumbuyo kwa mabokosi a mbatata kunali thumba. Analikoka okha, n'kulikhuthula. Chingwe chinagwera pansi, chokulungidwa mwaluso.

Anati amene anadula chingwecho ndi a Fernand. Tsiku lina anakwera kukathira mafuta pa belu, n'kubaya mtanda ndi mpeni, mpeni n'kulowa ngati akudula tchizi. Anatsika ali mbuu. Madzulo ake anadula chingwe kuti wina aliyense asadzakoke, m'mawa n'kuimba foni kukhonsolo osatchula dzina.

Solène anatembenukira mayi ake.

"Ndiye ankadziwa. Ankadziwa, koma anandisiya anthu azindilavulira? Pamitingi paja ankadziwa?"

"Bambo ako kuvomera pagulu kuti a ku Montaleix anena zoona? Sukuwadziwa iwe?"

"Nanga inu, amayi?"

A Huguette anangokonza epuloni yawo.

Solène anamenya thumba lija theche, linakagwera pa wilibala. Anatukwana mawu amene Gaëtan sanamvepo akutuluka pakamwa pa mchemwali wake, n'kunena kuti mawa kumanda asamupemphe kulankhula, chifukwa akatsegula pakamwa mudzi wonse umva. Palibe anamuletsa. Gaëtan anatulutsa kiyi m'thumba, anamutembenuzatembenuza, n'kumuika mwakachetechete pa bokosi la mbatata, pafupi ndi dzanja la Solène.

"Belu silirira," anatero Solène.

"Ndamva, asisi."

Kenako Gaëtan anafunsa ngati chingwecho chingakwane kutsitsira bokosi m'manda. A Huguette anati chikwana mpaka kutsalako.

Solène anagwada kuti achinyamule. Sichinali chouma ngati chinthu chotayidwa. Chinali chofewa, chopanda fumbi, ndipo pashelefu pamwamba pake panali burashi ndi kansanza. Anatsata ndi zala mpaka kumapeto kodulidwa kuja. A Fernand anali atakulungapo ulusi wa phula, mzere pa mzere, molimba, mmene amachitira munthu wosafuna kuti chingwe chimasuke asanachilumikizenso.

Anachikoleka paphewa. Pamalo pakuda, pamene manja a bambo ake anadya ulusi mpaka kusalala, anagwirapo ndi manja onse awiri.