Sukulu ya Chikoreya ya a Elson

Chilimwe chimenecho ku Khonjeni kunagwa matenda achilendo, ndipo ankagwira amuna okhaokha. Dzina la matendawo linali Chikoreya.

Anabwera nawo ndi Elson, mwana wa konkuno ndithu, amene anakakhalako ku Limbe akugulitsa makava a mafoni, n'kubwerako ndi magalasi akuda komanso kayendedwe ka munthu woti pansi pamunyansa. Iyeyu analengeza kuti ku Korea akufuna amuna amphamvu okagwira ntchito m'mafakitale, koma munthu wosadziwa chiyankhulo chawo sakwera ndege. Anabwereka nyumba ya vidiyo m'mawa uliwonse, nthawi imene mwini wake amakhala asanayatse jenereta, n'kupachika thabwa lakuda pakhoma. Basitu, kuyambira pomwepo anakhala a Ticha. Fizi yake sinali yovuta: nanazi, phava la nthochi, nkhuku ngati mtima wakukoma.

Mwa ophunzira onse, wodwala kwambiri anali Stafford.

Stafford ameneyu anali wothyola tiyi wa nyengo. Mukudziwa mmene zimakhalira ku esiteti: dzuwa likaswa mtengo, tiyi amaima, anthu ambiri amawauza kuti kapumeni. Mvula ikagwa, tiyi n'kuphukira, amaitana tsiku limodzi lolemba anthu. Tsiku limenelo umalawirira pageti, akapitawo amayang'ana mapewa ako, malo akadzaza geti amatseka, ndipo wochedwa amakaonera kunyumba mpaka chaka chamawa. Kwawo kwa Stafford kunali kwa Mphuka, koma ankakhala chikamwini kwa mkazi wake Tione, kufupi ndi Khonjeni. Chaka chathacho anaphonya kale tsiku lolemba chifukwa anali kalikiliki ndi bizinesi ya akalulu imene inathera m'mimba mwa agalu. Ndiye atsibweni a Tione, a Dixon, anamukhazika pansi n'kumuuza mosapsatira mawu.

"Akamwini, ife sitidana nanu. Koma pano sitiweta munthu wamkulu. Chaka chino mukapanda kulembedwa ku esiteti, njira ya kwa Mphuka mukuidziwa."

Stafford anavomera mwaulemu, manja ali pamaondo. Mumtima ankangoseka. Esiteti? Dengu kumsana, mame m'miyendo, mvula pamutu? Anthu awa sankadziwa kuti akuyankhula ndi munthu wa pa ulendo.

Kunena zoona, mnyamatayu analimbikira. Akanalimbikira chonchi ku pulayimale, bwenzi pano tikumuvulira zipewa. Zilembo za Chikoreya si zathu zino ayi: kuli kabokosi, kuli kamphete, kuli ndodo yoima ndi ndodo yogona, ndipo umazisanjikiza ngati njerwa kuti zipange mawu. Stafford anazilemba pabwalo ndi kamtengo, anazilemba pachitseko ndi khala, anazilemba mpaka pachimbudzi. Mwana wawo Hazel akafufuta ndi phazi posewera, bambo ankakuwa ngati waponda mbewu. Atauzidwa kuti Akoreya ali ndi mawerengedwe awiri, ena owerengera zinthu ena owerengera masiku ndi ndalama, anafika kunyumba maso ali gwa.

"Make Hazel, ukuona anthu otukuka? Ife kuno kuwerenga kumodzi komwe kumatikanika!"

"Werengani mizere imene mwalima kumunda, bambo a Hazel," anatero Tione. "Mawerengedwe alionse, yankho lake ndi limodzi."

Munda unalidi chilili, wosasosa. Anzake akugalauza, iye anali pansi pa mtengo wa peyala, foni kukhutu, akubwereza mawu a mayi wina wa mu foniyo. A Ticha nawo ankaphunzira kwa mayi yemweyo, kungoti iwo ankatsogola ndi phunziro limodzi. Izi aliyense wamaso akanaziona, chifukwa bandulo ikawathera a Ticha, kalasi inkabwereza za dzulo. Koma munthu wofuna kukwera ndege saona zapansi.

Kenaka matenda analowa kukhitchini. Stafford anasema timitengo tiwiri ta nsungwi n'kuyamba kudyera nyemba. Banja lonse limatha kudya, mbale n'kutsukidwa, iye akadathamangitsana ndi nyemba imodzi m'mbale. Atamva kuti Akoreya amadya kabichi wosasitsa ndi tsabola, anatenga ndowa ya Tione yotungira madzi akumwa, n'kudzazamo kabichi, mchere ndi kambuzi, n'kuvindikira kuseri kwa chitseko. Patapita masiku, anthu oyandikana nawo anabwera kudzafunsa ngati m'nyumbamo mwafera khoswe. Ndowayo mpaka lero amachapiramo matewera.

Zonsezi Tione akanapirira. Chimene chinamuswa mtima ndi cha amayi ake. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire, moni n'kupatsana chapatali, nkhope kumbali. Koma Stafford anali ataphunzira kuti ku Korea munthu wamkulu umamuyandikira, manja m'mbali, n'kuwerama bwinobwino. Tsiku lina apongozi, mayi Fainess, akuchokera kuchigayo thumba lili pamutu, anangoona mkamwini wawaimirira kutsogolo, pafupi ngati akufuna kuwanong'oneza.

"Anyong'aseyo!" anatero Stafford popereka moni wa Chikoreya, n'kuwerama mpaka mutu wake kutsala pang'ono kugunda chitenje chawo.

Mayo ine! Mayi wamkulu anaponya thumba n'kuthawira m'nthochi. Ufa mbwee panjira. Madzulo ake Tione analira, osati misozi yamkwiyo, koma ya manyazi enieni, yoti mayi wako akufunse kuti mwanawe, mwamuna wakoyu mutu wake uli bwino? Stafford anapepesa, koma anapepesa m'Chikoreya.

Mvula inagwa, yamphamvu, masiku otsatizana. Mapiri anabiriwira, tiyi anatulutsa nsonga zanthete, ndipo uthenga unayenda m'midzi kuti ku esiteti alemba anthu Lolemba. Tsiku lomwelo a Ticha anafika m'kalasi akupuma mwawefuwefu, foni m'manja.

"Amuna anzanga, zatheka! Bwana wa ku Korea akubwera yekha kudzakuyesani mayeso. Wokhoza, dzina lake lipita. Koma akubwera Lolemba m'mawa, ndipo anthu aja sadikira munthu. Aliyense akhale muno dzuwa lisanatuluke, atavala bwino. Wotuluka ngakhale kukataya madzi, zake zada."

Wina kumbuyo anadandaula kuti Lolemba ndi tsiku la pageti. A Ticha anavula magalasi n'kumuyang'ana mwachisoni.

"Achimwene, ngati mtima wanu uli pa dengu, pitani ku dengu. Korea si ya aliyense."

Wodandaulayo anabwerera ku zilembo zake.

Lolemba kusanache bwino, Tione anamudzutsa mwamuna wake. Anali atamuphikira tiyi, atamuikira chinangwa m'kapepala, jombo zake zakale atazitsuka.

"Bambo a Hazel, ndakupemphani. Pitani pageti mukalembetse kaye. Mkoreyayo ngati ndi munthu, akudikirani."

"Iwe sudziwa chikhalidwe chawo."

"Ndikudziwa chikhalidwe cha atsibweni."

Stafford anaima kaye. Mantha anamugwira ndithu, tisamunamizire. Anayang'ana Hazel ali m'tulo, anayang'ana jombo zija. Koma pamsomali panali jekete yobwereka kwa mlamu wake ndi taye yofiira, ndipo taye inapambana. Anatuluka akununkhira sopo, akubwereza mawu m'kamwa, napita kumanzere pamene amuna ena a m'mudzimo ankapita kumanja, ku esiteti.

M'nyumba ya vidiyo munadzaza. Amuna a mapewa awo, akatswiri othyola tiyi oti kapitawo aliyense amawalimbirana, anakhala pamabenchi atavala majekete a maukwati ndi a maliro, thukuta lili kamukamu. Anayeserera kuwerama. Anawerenga manambala a Chikoreya, hana, tul, seti, mobwerezabwereza. Galimoto ikamveka kumsewu onse ankaimirira, manja m'mbali. Imakhala lole ya nthochi. Dzuwa linakwera. A Ticha sanaoneke, foni yawo inali yotseka. Wina anati mwina apita kukamuchingamira bwanayo ku Luchenza, ndipo onse anagwirizana nazo msangamsanga, chifukwa ganizo linalo linali loopsa kuliganiza. Mikodzo inawavuta, koma palibe anatuluka.

Dzuwa lili pamutu, mwini vidiyo anabwera kudzayatsa jenereta. Pambuyo pake panali wakabaza wina, Ben, amene anasuzumira pakhomo n'kuyamba kuseka mpaka kugwira khoma.

"Kodi muli pa ukwati wa ndani? Ngati mukudikira a Elson, ine ndawatula pageti la esiteti m'mamawa. Iwo ndi azilamu awo, ndi asuweni awo a kwa Kapichi. Amati chaka chino mzere ukhala waufupi."

Munaonapo amuna ovala mataye akuthamanga m'matope? Anadutsa m'minda ya anthu, analumpha ngalande, nsapato zobwereka zikutsalira m'thope. Stafford anali patsogolo, taye ikuuluka paphewa. Atafika, geti linali lotseka. Akapitawo a Peterson anali atakhala pachitsa, akupukuta jombo ndi udzu.

"A Stafford! Ndakufunanitu m'mawa. Ndimati munthu wa manja achangu ngati inu ali kuti? Ndachita kulemba anthu oti tiyi amamuthyola ngati akuzula bonongwe."

"Bwana kapitawo, chonde, malo amodzi okha."

"Adzaza, bambo. Mukadabwera ngakhale ndi tayeyo, ndikanakulembani."

Kuseri kwa waya, m'munda woyamba, munthu wina anaweramuka pakati pa tiyi. Dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno, magalasi akuda pamphumi. Anali a Ticha. Sanathawe, sanachite ngakhale manyazi. Anangokweza dzanja ngati akupereka moni kwa anzawo a mpira.

"Amuna anzanga, bwana uja ndege yamusiya! Mayeso tasuntha, tidzapanga tiyi akatha. Musaleke kuwerenga!"

Stafford anagwira waya ndi manja onse. Anafuna kumutukwana munthuyu m'chiyankhulo chomwe anamuphunzitsacho, kuti chimupweteke bwino. Anafufuza m'mutu monse, n'kupezamo moni, zikomo, pepani, ndi chimbudzi chili kuti. Ndiye anamutukwana m'Chilomwe cha agogo ake, mawu oti amayi othyola tiyi anatseka makutu, mpaka mlonda anabwera kudzamuchotsa pawaya.

Kubwerera kunyumba anayenda pang'onopang'ono, jekete m'manja, nsapato imodzi. Panjira anakonza zoti akanene: kuti alima munda wonse yekha, kuti apita ku maganyu, kuti akagwada kwa apongozi patali pomwe pamayenera. Koma nkhani ya amuna othamanga ndi mataye inali itafika kale m'mudzi. Nkhani zotere sizidikira kabaza.

A Dixon anali atakhala pampando pansi pa peyala, ndipo sanamuyang'ane. Pakhonde panali chikwama chake, bulangete lopindidwa bwino, ndi khasu limene anabwera nalo pa ukwati. Tione anaima pakhomo, Hazel atamugwira chitenje. Maso ake anali ofiira, koma misozi inali itatha.

"Make Hazel, tandimvera. Chaka chamawa..."

"Chaka chamawa? Nanga Hazel adya chiyani chaka chino?"

Tione anatsika pakhonde, ananyamula chikwama n'kumupatsa ndi manja awiri, mwaulemu wonse, atapinda bondo.

"Mumafuna ulendo, bambo a Hazel. Nyamukani kusanade, kwa Mphuka n'kutali."