Chingwe Pachigayo cha a Haswell

Towela, mwana wa akulu anga a Haswell, ndi nesi ku England. Chaka chatha anabwela kuno ku Mwase ndi mzungu wake, Jason, kuti makolo amuone. Ine ndinali thenga, wonyamula mawu pakati pa mkamwini ndi apongozi ake.

A Haswell anandiuza kuti ndifunse chimene munthuyu amachita ndi manja ake. Towela anatulutsa foni. Pachithunzi tinaona mutu wa sitima wa mphuno yosongoka yachikasu. Akuti sitima zotele zinali za dizilo, mutu kutsogolo wina kumbuyo, ndipo kwawoko zinali ndi mbili chifukwa cha liwilo. Zitakalamba anayamba kuziphwanya, ndiye Jason ndi anzake anapulumutsako mutu umodzi. Pa Chiwelu amapita kukaupukuta ndi kuuthila oilo.

"Imanyamula anthu?" anafunsa a Haswell.

"Mwa apo ndi apo, adada. Ambili amabwela kudzaiona chabe."

"Ndiye aweta ng'ombe yosalima." Anatembenukila kwa ine. "Kamuuze. Chigayo changa chinafa dzinja lija. Akachiutsa, mwana ndi wake. Akalephela, minibasi ya ku Chipata akwele yekha."

Jason anakondwa ngati tamupatsa mbuzi. Anamasula injini yonse, nayala zitsulo pamphasa, n'kumazitsuka ndi palafini, zina ndi mswachi wake wa m'mano. Anapalasa njinga mpaka kuboma kukafuna penti. Tsiku lomwe anapukusa handulo yolizila injini, chigayo chinatsokomola, chinalavula utsi, kenako chinalila bwinobwino. Mpaka ana a sukulu anathawa m'kalasi kudzaona.

M'mawa mwake azimayi anafika ndi chimanga. Anapeza chigayo chili phuliphuli, chabuluu ndi chikasu, koma chozungulidwa ndi chingwe chomanga pamitengo. Jason anaima pambali ndi kansalu m'manja.

Towela anamasulila mawu a Jason maso ali pansi. "Akuti injini iyi ndi yakale, kwawo siipezekanso. Fumbi la ufa lingaiwononge. Akuti tiziiliza kamodzi pa mwezi, anthu aziona."

A Faides, alongo athu, anatula thumba lawo pansi.

"Tidye penti? Iwe Towela, uyu akakukwatila nawenso adzakuzunguliza chingwe, ife tizikuona kamodzi pa mwezi?"

Onse anaseka, kupatula a Haswell. Anandikokela pambali nati, "Chigayo chosagaya n'chakufa ndithu. Kamuuze alonge chikwama."

Ndinapita. Towela anamasulila. Jason anayang'ana injini nthawi yaitali, kenako anayang'ana Towela. Anamasula chingwe yekha, anapukusa handulo, n'kunyamula thumba la a Faides kukhuthulila m'chigayo. Fumbi linabuka, penti yonse inayela mbuu. Iye anatsinzina ngati munthu amene akumuzula dzino, koma anapitiliza kuthila mpaka thumba linatha.

A Haswell anatapa ufa pang'ono, anaufikisa pakati pa zala, anaununkhiza.

"Kamuuze aitane abale ake, tidzakambe za ukwati."

A Faides analuluta kwambili. Atamaliza anamukankha Jason ndi chigongono.

"Yewo, zikomo akamwini. Tsopano sendelani, kuli anthu pamzele."