Mpeni wa Ndaona

"Badadi, osathira!" anakuwa mwana wanga Ndaona, koma botolo linali kale m'manja mwanga.

Botolo limenelo, loboola chivindikiro ndi msomali, ndinagwira nalo ntchito zaka zambiri m'shopu yanga ku Matero. Pampu yothira madzi pa makina osemera zitsulo inafa kalekale, ine osaikonza. Mpeni wa makinawo ukatentha ndinkangoufinyira madzi osakaniza ndi mafuta, oyera ngati mkaka, n'kupitiriza ntchito.

Koma mpeni wa tsikulo sunali wanga. Unali wa Ndaona, wa mano anayi a chitsulo cholimba cha kabaidi, mphoto imene analandira pomaliza maphunziro. Ku Kitwe ankamuitanira ntchito, iye n'kukana. Anati akhala nane, bola ndizimumvera.

M'mawa anali atandichenjeza.

"Uyu suli monga yanu yakudala. Ngati manzi siyayenda nthawi yonse, tisema chabe wouma. Mukathira pang'ono utapya, uzang'ambika."

"Iwe, n'nayamba kusema nsimbi ukalibe kubadwa," ndinamuyankha moseka. Komabe ndinavomera.

Tinkasema shafuti ya chigayo cha ba Kunda, ndipo eniakewo anaima pakhomo akuonerera. Tizidutswa tachitsulo tinayamba kuuluka tobiriwira ndi kutentha. Ndaona sanatekeseke.

"Ba Whyson, vizapya ivi!" anatero ba Kunda. "Manje ni mwana mkazi amene akuphunzisani nchito?"

Manyazi anandigwira. Ndi pamene ndinatola botolo lija, ndipo ngakhale Ndaona anakuwa, ndinafinya.

Panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu waswa mtedza. Kenako makina anayamba kunjenjemera. Ndaona anazimitsa, namasula mpeniwo n'kuuyang'ana pa kuwala. Mano awiri anali atathyoka, enawo ali ming'alu yokhayokha.

Ndinkafuna andikalipire. Akanatero, mwina ndikanapeza poyambira kupepesa. Iye anangotola tizidutswato, n'kutikulunga m'kansalu.

"Munanimva, Badadi," anatero motsitsa mawu. "Koma munasankha kumvela ba Kunda."

Lolemba m'mawa anakwera basi ya ku Kitwe. Sindinamuperekeze, ndinkaopa kuti andiona ndikulira.

Pampu ija ndinaikonza Lachiwiri. Inangonditengera masana amodzi okha, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Tsopano madzi oyerawo amatsika osalekeza pa mpeni wanga wakale, pomwe magalasi a Ndaona otetezera maso akadali pa msomali, akusonkhanitsa fumbi.