Nthambi Panjira ya ku Boutingor

Landing Badji anagula galimoto Lachiwiri mumzinda wa Dakar, ndipo Lachinayi mayi ake anamwalira kumudzi, ku Boutingor. Amalume ake sanapite m'mbali pafoni: maliro aikidwa mawa ikangotha swala, pemphero la chakumadzulo la ku mzikiti, kunja kukutentha, sadikira munthu. Landing ndiye anali mwana wamwamuna yekhayo, woyenera kulowa m'manda kukalandira thupi. Kumudziko anachokako ali mwana, nthawi ya nkhondo. Mayi atabwererako, iye ankangowalonjeza kuti abwera chaka chamawa. Tsopano manyazi ndi chisoni zinali kumudya pamodzi.

Ananyamuka ndi mlongo wake wamkulu, Gnima, mayi wogulitsa nsomba zouma yemwe sankakhulupirira chinthu chilichonse chimene sangachinunkhize. Galimotoyo inali ndi makina olozera njira, omangidwira pafupi ndi chiwongolero: sikirini ya mapu, kamuvi kabuluu, ndi mawu a mkazi wolankhula Chifalansa modekha.

"Ndiye mkazi wakoyu amadya mayunitsi?" anafunsa Gnima.

"Ayi, achemwali. Amamva za kumwamba, za setilaiti."

"Nanga msewu ukakokoloka, amamuuza ndani?"

"Mapu ali m'kati momwemo. Wogulitsa anati ndi a dziko lonse."

"Anawajambula liti?"

Zimenezo Landing sanamufunse wogulitsayo. Munthu akamagula galimoto yake yoyamba amafunsa za mtundu ndi mipando basi.

Tsiku lonse mkaziyo sanalakwe ngakhale kamodzi. Anadziwa mlatho, anadziwa mphambano iliyonse, mpaka Gnima anayamba kumutcha mlamu. Koma atadutsa tawuni ya Ziguinchor anapeza mzere wa malole pa rodibuloko, asilikali akutsitsa katundu thumba limodzilimodzi. Nthawi inali itadutsa kale folo koloko. Landing anadina pa sikirini kufunsa njira ina, ndipo mzere wina unatuluka, wokhotera kumanja kulowa m'nkhalango. Makilomita khumi ndi awiri okha.

"Basi sidzera kumeneko," anatero Gnima.

"Basi imatsata okwera. Ife tikutsata nthawi."

Polowera njirayo panali nthambi zitayalidwa mopingasa. Aliyense amene anakhalapo pamsewu amadziwa tanthauzo lake: kutsogolo kwafa galimoto, chepetsa liwiro. Landing anachepetsadi, nazilambalala mwaulemu, maso ali tcheru kufuna lole yofayo. Sanaganizire kuti nthambizo zinali zikuluzikulu, zouma, zina zitamera ndere.

Anakhota kamodzi, lole panalibe. Anakhota kawiri, panalibenso. Udzu unayamba kukwecha pansi pa galimoto. Mitengo ya mango inali mbali zonse, zipatso zitagwa mbwee, zikuwola, fungo lake likulowa ngakhale mawindo anali otseka.

"Pitirizani kulunjika," anatero mkazi wa m'makina.

Gnima anali atasiya nthabwala. "Iwe Landing, waonako mbuzi?"

"Mbuzi yatani?"

"Mango onsewa, popanda mbuzi, popanda wotola. Ndowe ya ng'ombe waiona? Mkwasa wa njinga?"

Koma phazi la Landing silinachoke pamoto. Sikirini inkati kwatsala mphindi zisanu ndi imodzi. Anadutsa nyumba zitatu zopanda madenga, mitengo itamera m'zipinda. Kenako anaona dzenje lalikulu pakati pa njira, m'mbali mwake muli chitsulo chadzimbiri chopindika, chomwe kale chinali ngolo. Pamtengo wapafupi panalendewera chikwangwani chofiira, utoto utasuluka, chigaza chokha chikuonekabe.

Anaponda buleki. Onse awiri anakula akumva za mabomba okwirira, za anthu amene anapita kukathyola zipatso nabwera ndi mwendo umodzi.

"Nthambi zija," anatero Gnima chapansipansi. "Sizinali za lole."

Landing anayang'ana kumbuyo. Udzu unali utadzuka kale, masamba ouma ali mwaa, osadziwika pomwe matayala anaponda. Anali atayenda makilomita oposa khumi mwamwayi chabe.

Anaimbira foni amalume ake. Atawauza pomwe anali, mkuluyo anafunsa modabwa.

"Njira yakale? Wakulowetsa kumeneko ndani?"

"Makina, amalume."

"Tamvera, mwana wanga. Usayendetse, kutsogolo kapena kumbuyo. Usatsike. Ndituma munthu kwa asilikali, abwere ndi zofufuzira zawo. Mwina mawa."

"Nanga mayi?"

"Anthu asonkhana kale."

Apo mphepo inabweretsa mawu ochokera kuseri kwa mitengo, ochepa koma omveka bwino. Kunali kuitanira swala ku mzikiti wa ku Boutingor. Pafupi chomwechi! Munthu wothamanga akanafika opemphera asanamalize kusamba m'manja. Landing anatsegula chitseko, natulutsa mwendo, nsapato ili lende pamwamba pa masamba.

Gnima anamugwira malaya, zikhadabo mpaka pakhungu. "Bweza mwendowo."

"Ndiyenda m'mbali, achemwali. Ndine wopepuka."

"Landing, kumudzi akumba dzenje limodzi. Bweza mwendowo."

Anaubweza. Analira ngati mwana, chipumi chili pachiwongolero, ndipo mlongo wake sanamusiye malaya.

Amalume aja sanadule foni. Kaya anaiwala, kaya anachita dala, anangoiponya m'thumba la mkanjo. Choncho awiriwo anamva zonse ali m'galimoto: mapazi a anthu ambiri pamchenga, pemphero la imamu, kupuma kwa onyamula chithatha. Kenako kunakhala bata, ndipo mawu a munthu wina wachikulire anamveka pafupi.

"Mwana wake ali kuti?"

"Sanafike," anayankha amalume.

"Ndiye alowe ndani?"

Anatchula dzina la munthu wina, yemwe Landing sankamudziwa n'komwe.